Pampu ya Magetsi ya Boti la ku Chiromo

Chaka chimene mvula inakokolola njanji kumunsi kwa Khonjeni, nkhondo yachiwiri isanabuke, ine ndinali mmisiri wa makina pa fakitale ya tiyi kuno ku Thyolo. Ndinali bambo wa ana awiri, ndipo ndinkadziyesa wodziwa dziko chifukwa ku Limbe ndinkafikako. Koma kuchigwa, kumene kumayenda mtsinje wa Shire, ndinali ndisanapondeko phazi. Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi n'kudzakhazikika m'mapiri muno, ndipo ife tinakula tikungomva kuti kumunsiko n'kotentha, kwa udzudzu ndi ng'ona.

Esiteti yathu inali ndi boti lakale la injini ku Chiromo. Ntchito yake inali kututa chimanga m'midzi ya m'mphepete mwa Shire, cha phoso la anthu otchola tiyi. Wogula chimangacho anali mlamu wanga, a Mukhito, amuna ake a mlongo wanga Estere. Chaka chimenecho anaunjika matumba pa kamtunda kena m'kati mwa dambo, kumtunda kwa Chiromo, n'kumadikira boti. Boti silinapite. Pampu yake ya petulo inafa, ndipo madzi anakwera mwaukali moti eni mabwato anakana kuwoloka.

Uthenga unabwera ndi munthu woyenda pansi, mapazi atatupa, pampu yakufayo ili m'kathumba. Inali yamkuwa, yong'aluka kuyambira kukamwa mpaka pansi. Mzungu wa pa fakitale anaitembenuza m'manja, n'kundipatsa.

"Zotere analeka kupanga," anatero. "Pita ku Limbe, Yosefe. Kwafika mapampu oyendera magetsi. Ukasankhe wekha, ukamangenso wekha."

Popeza sitima sinkayenda, anabwereka lole ya Che Bwanali, Msilamu wa pa boma amene ankatinyamulira mabokosi a tiyi. Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula. Loleyo ndiyo inali munda wake. Anaisonkhera zaka zambiri akugulitsa nsalu ndi mchere pa njinga.

M'mawa tikukweza katundu, Estere anatulukira atasenza kamtolo.

"Achimwene, ndikwera nawo."

"Njira yake ndi yoipa, achemwali. Khalani ndi ana."

"Ana ndawasiya kwa akazi anu. Kodi njirayo ndi yoipa kwa ine ndekha?"

Anakwera ndisanayankhe, nakhala pa bokosi la tiyi.

Wa ku Limbe unali ulendo wozolowera. Che Bwanali ankatola anthu m'njira, shileni munthu mmodzi, nkhuku zaulere. Pa Bvumbwe tinapeza ngolo ya ng'ombe itatitimira pakati pa msewu, mwini wake akukalipira ng'ombezo ngati zikumva. Tinatsika tonse n'kuitsitsa nkhuni, tinaikankha, tinaikwezanso nkhunizo. Dzuwa linali litafika paliwombo pamene tinkalowa mu Limbe, matope mpaka m'mawondo.

Sitolo ya zitsulo za galimoto inali ya Mmwenye wina wokalamba, wa ndevu zoyera. Ndinaika pampu yamkuwa ija pa kauntala. Anainunkhiza, anaigogoda ndi chala, kenaka anatulutsa mapampu atatu. Imodzi inali yaikulu, yolemera ngati nyundo. Ziwiri zinali zazing'ono ngati chitini cha mkaka, zofanana maonekedwe.

"Izi ziwiri zimasiyana mphamvu ya batire yoziyendetsa," anatero. "Iyi ndi ya sikisi, iyi ndi ya thwelofu. Yaikuluyi ndi yamphamvu. Thanki ya botilo ili pati?"

"Wamthengayo anati ili pansi pa mpando, pafupi ndi injini."

"Pamwamba pa kabuleta, pomwera injini paja, kapena pansi?"

"Sindidziwa, bambo. Botilo sindinaliwonepo."

Sanaseke. Anatenga beseni la palafini, anamiza kapaipi, n'kulumikiza mawaya a pampu yaing'ono ku batire imene inali pansi pa kauntala. Kanthu kaja kanayamba kugunda kokha: thi, thi, thi, thi. Palafini analavuka mbali inayo. Panalibe lamba, panalibe gudumu, panalibe dzanja la munthu. Ine ndinali nditagwira makina kuyambira unyamata, ndipo chilichonse chimene ndinkachidziwa chinkayenda chifukwa china chachikoka kapena chachikankha. Koma aka kankangoyamwa mphamvu yosaoneka m'kawaya kowonda ngati luzi.

"Tsekani kukamwako ndi chala," anatero Mmwenye uja.

Ndinatseka. Pampu inagunda kawiri, n'kukhala chete. Nditachotsa chala inayambiranso.

"Ikadziwa kuti injini yakhuta imaleka yokha," anatero.

Estere anabwerera m'mbuyo pang'ono. "Chili ndi moyo chimenechi?"

Anayesanso yaikulu ija. Imeneyo inandikankha chala mpaka palafini anandithovukira kumaso. Mtima wanga unapita kwa iyo, chifukwa ndinkaganiza za madzi aukali aja, ndipo munthu wopita kunkhondo amafuna mkondo waukulu. Ndinanena zimenezo. Mmwenye uja anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Mwina mukunena zoona. Ngati thanki ili pansi kwambiri, yaing'onoyi ikalephera kukoka. Koma kabuleta ya injini yakale ili ngati mmero wa nkhalamba. Mukaikankhira petulo mwamphamvu imasanza. Mu lole, petulo wotayika amagwera pamsewu. M'boti amakhala nanu momwemo."

Tinakhala nthawi tikuyang'ana zitsulo zitatuzo. Yaing'ono ikalephera, alamu anga atsala pamadzi. Yaikulu ikasefukira, boti lipsa ndi anthu ali m'kati. Ndinatenga pampu yakale ija n'kuyang'ana kukamwa kwake. Kunali kwakung'ono, kongolowa udzu umodzi wofolerera nyumba. Injini imene yakhala zaka zonsezo ikumwera pa kabowo kotero sinali yadyera.

"Ndatenga yaing'ono," ndinatero.

"Ya sikisi kapena ya thwelofu? Batire ya botilo ndi yotani?"

Apa m'pamene ndinaona vuto. Injini zakale zinkalizidwa ndi handulo, moto wake ukuchokera ku kachitsulo kotchedwa magineto. Zambiri zinalibe batire n'komwe. Ndinafunsa ngati angatigulitse imodzi. Anati zatsopano zimabwera zouma, zofunika masiku kuti zidye moto, ndipo ya pansi pa kauntala ija inali yongoyesera, yotha kale mphamvu.

Che Bwanali anali atatsamira chitseko nthawi yonseyi. Analankhula osatiyang'ana.

"Batire ya lole yanga ndi ya sikisi. Tengani ya sikisi."

"Che Bwanali, mukudziwa chimene mukunena? Lole ikatsala yakufa kuchigwa, madzi akukwera."

"Tikakafika tikaona."

Mmwenye uja anaikulunga pampuyo m'pepala, natipatsanso waya ndi mtovu wowotcherera. Potuluka anandigwira mkono. "Mukaimange pamwamba, osati pansi pa boti. M'kati mwake mumathetheka kamoto, ndipo fungo la petulo limakonda pansi."

Tinabwerera njira yomweyo. Pa Thyolo sitinaime koma kuthira petulo ndi kukweza chingwe ndi nkhwangwa. Estere anatenga pampu ija, anaikulunga m'nsalu n'kuifukata pachifuwa kuti mabampu asaiwononge. Pa Makwasa panakwera bambo wina wa chipewa ndi jekete, a Wilisoni, wochokera ku migodi ya ku Rodeshiya. Anali atatha zaka zambiri osaona kwawo ku Muona. Ananyamula sutikesi ndi galamafoni. Ataona Estere anavula chipewa.

"Pepani mayi. Mwanayu akudwala?"

"Ayi bambo, ali bwino. Wangogona."

Kuseka kwa tsiku limenelo kunali kokhako.

Tisanafike pa Thekerani tinapeza kamtsinje katakokolola mitengo ya mlatho. Madzi anali ofiira, akugubuduza miyala. Panalibe chochita koma kudikira. Che Bwanali anazika kamtengo m'mphepete kuti tizionera ngati madzi akutsika, kenaka anasamba m'manja ndi kumapazi, anayala mkeka pamwamba pa lole n'kupemphera. Estere anatigawira kalongonda ndi chinangwa chophika. A Wilisoni anapukusa galamafoni yawo, ndipo anthu a m'mudzi wapafupi anatsika phiri kudzamva. Ana ankasuzumira m'lipenga lake kufuna kuona woimbayo. Ine sindinamve nyimbo ngakhale imodzi. Maso anali pa kamtengo kaja, kamene kankaoneka ngati sikakusintha.

Madzi anatsika dzuwa litapendeka. Amuna a m'mudzimo anatithandiza kudula mitengo ina, malipiro awo n'kukhala nyimbo zinanso ziwiri. Lole inawoloka ikunjenjemera, mtengo umodzi ukuthyoka gudumu lakumbuyo litangodutsa. Tinagona pa khonde la sitolo pa Thekerani.

Kutacha kunali nkhungu yoti sungaone munthu ali patsogolo pako. Kuyambira pamenepo msewu umatsetsereka phiri mokhotakhota, phompho lili mbali imodzi. Che Bwanali anati mabuleki okha sangathe. Tinadula mtengo waukulu wa nthambi zake n'kuumangirira kumbuyo kuti uzikoka lole, ndipo tonse tinatsika kuyenda pansi, ine ndili ndi mwala m'manja woponya kunsi kwa gudumu ikayamba kuthawa. Tinayenda motero, fungo la mabuleki likutsamwitsa, mpaka pa gulaye wina pamene mphepo yotentha inatiomba kumaso ngati wina watsegula ng'anjo.

Nkhungu inang'ambika. Ndinaima, mwala uli m'manja.

Pansi pathu panalibe dziko. Kuchokera patsinde pa phiri mpaka kumene maso amalekezera kunali madzi okhaokha, owala ngati lata watsopano, mitambo ikuoneka m'mwamba ndi pansi pomwe. Apa ndi apo mitu ya migwalangwa inali itatulukira ngati zikhomo. Ndinafunafuna mtsinje wa Shire, koma panalibe poti nkuloza kuti mtsinje ndi uwu. Ndinali nditamva za chigumula m'tchalitchi kuyambira ubwana, koma m'mutu mwanga chinali ngati dziwe lalikulu la pa esiteti. Sindinkadziwa kuti pansi pano pali madzi ochuluka chomwecho.

Che Bwanali anazimitsa injini, anatsika n'kuima pambali panga. Milomo yawo inkayenda koma mawu osamveka. A Wilisoni anakhala pansi pamsewu ndi jekete yawo yabwino ija.

"Achimwene," anatero Estere motsitsa, "alamu anu ali pati pamenepa?"

Iye anafinya nsalu ija pachifuwa n'kuyamba kutsika yekha.

Pa Muona a Wilisoni anatsika. Anafunsa za mudzi wawo, ndipo anthu analoza kumene kunali madenga awiri okha akuoneka pamwamba pa madzi, n'kunena kuti eni ake anathawira ku kaphiri ka kuseri kwake. Bambo aja anasungitsa sutikesi, anavula nsapato n'kuzikoloweka m'khosi, anasenza galamafoni, nalowa m'madzi. Tinawayang'ana mpaka madzi atawafika m'chiuno, lipenga lija likunyezimira pamutu.

Ife tinapitirira mpaka pamene msewu unamira. Che Bwanali anaimika lole pa kamtunda ka mtengo wa bwemba. Anaizungulira kamodzi, akuyang'ana madzi amene anali pafupi ndithu. Kenaka anatenga sipanala, anamasula batire, anaiika pa nkhata n'kuisenza okha. Ndinati ndiwalandire, anakana. Tinayenda m'madzi ofunda ngati osamba wodwala, misundu ikutimata m'miyendo, kufikira pamene mwini bwato wina anavomera kutifikitsa ku Chiromo modutsa m'minda, mmene madzi sankathamanga.

Botilo tinalipeza litamangidwa ku mtengo. Linali lachitsulo, lalitali, utoto utasupuka. Woliyendetsa, a Zuze, anali atagona momwemo masiku onsewo. Ndinathamangira kusuzumira pansi pa mpando. Thanki inali m'munsi mwa kabuleta pang'ono chabe, mwina chikhatho chimodzi. Batire munalibe.

Mazinga a pampu yatsopano sanagwirizane ndi mapaipi akale. Ndinadula khosi la pampu yamkuwa ija n'kuliwotcherera ku yatsopano, moto titasonkha kumtunda, kutali ndi boti. Chikopa chotsekera mpata tinadula ku lamba wa Che Bwanali. Ndinaimanga pamwamba, pa nthiti ya boti pamene pamapita mphepo, ndipo batire tinaiika m'bokosi louma. Anthu a pa Chiromo anali atadzaza m'mphepete.

Nditagunditsa waya, inayamba mofulumira, thi-thi-thi-thi, ikukoka mpweya wokha. Ndinagwira paipi. Inali youma. Inagundabe, ndipo ine ndinayamba kuganiza za yaikulu ija imene ndinaisiya pa kauntala. Kenaka kugunda kunalemera, kunachedwa, kunaleka. Ndinagwada n'kupisa dzanja kunsi kwa kabuleta, ndinanunkhiza zala. Panalibe dontho.

"Pukusani, a Zuze."

Anapukusa handulo. Injini inatsokomola, inalavula utsi wakuda, n'kugwira.

Za ulendo wa pamadziwo ndingonena zochepa, chifukwa mpaka lero mawu ake sindinawapeze. Tinayenda pamwamba pa minda ya mapira, ngala zake zikukhula pansi pa boti. M'mitengo munali njoka, makoswe ndi nkhuku pa nthambi imodzi, wina osamugwira mnzake. Mbalame zoyera zinkadzuka patsogolo pathu zambirimbiri mpaka kuphimba dzuwa. Pena tinadutsa njovu zikusambira, matupi osaoneka, zitamba zokha zili m'mwamba, kamwana katatsamiritsa mutu pamsana pa mayi wake. A Zuze anachepetsa moto mpaka titazipitirira. Nthawi yonseyo khutu langa linali pa kanthu kaja kakugunda pa nthiti ya boti.

Kamtunda ka alamu anga kaja kanali katamira. Chimene tinaona ndi mulu wa matumba utatulukira pamadzi, ndipo pamwamba pake anthu atathithikana, amayi, ana, nkhalamba ndi mbuzi. Anali a m'midzi iwiri yapafupi. Alamu anga anasanja chimanga cha esiteti ngati nsanja, ndipo madzi akakwera ankachotsa matumba a m'mphepete n'kuwonjezera pakati. Anali ataima m'madzi mpaka m'mawondo, atawonda, milomo itang'ambika. Anaona mkazi wawo m'boti.

"Nanga ana?" anafunsa.

"Ali kwa achimwene. Kwerani."

"Ndikwera pomaliza. Yambani ndi awa."

Estere sanatsutse. Anatsika m'boti n'kukaima nawo m'madzimo, nayamba kunyamula ana a eni kumandipatsira.

Tinatuta anthu masana onse, kupita ndi kubwera. Pofika ulendo womaliza, dzuwa litafiira, kugunda kwa pampu kunali kutafooka. Batire inkatha, ndipo m'boti munalibe choidyetsa moto. Tinakweza amuna otsala, Estere ndi alamu anga, n'kusiya chimanga chikumira. Madenga a Chiromo akuoneka, pampu inagunda kamodzi, inadikira, inagundanso, n'kuleka. Injini inatha petulo wa mu kabuleta n'kuzima. Kunagwa bata lalikulu, ndipo tinamva mtsinje wokha ukulira pansi pathu, ukutitembenuza chammbali.

A Zuze anagawa mitengo yokankhira boti ndi matabwa a pansi pa boti. Tinapalasa tonse, ena ndi manja. Mtsinje unatidutsitsa pa doko, koma anthu amene tinawatsitsa masana aja anathamanga m'mphepete, amuna analowa m'madzi atagwirana manja ngati unyolo, ndipo wakumapeto anawakha chingwe chathu.

M'mawa mwake tinabwerera ku lole. Madzi anali atafika pa magudumu akumbuyo. Che Bwanali anabwezera batire, anayesa nyale. Sinayake ngakhale pang'ono. Anapukusa handulo mpaka thukuta, injini ili chete. Anakhala pa sitepe n'kuvula kofia.

"Pepani, Che Bwanali," ndinatero.

"Mwalakwa chiyani? Ikanakankhidwa mwamphamvu mwina ikanadzuka. Koma pamatope pano, okankha atatu okha?"

Sitinali atatu. Anthu a pa matumba aja anali atatilondola, ena m'mabwato, ena pansi, poti ankapita kwa abale awo ku Muona. Alamu anga anawauza mwachidule za batireyo ndi mwini wake. Amayi anatula mitolo, anamanga ana kumbuyo molimba. Nkhalamba ina inaika ndodo yake pansi. Anazungulira loleyo mpaka chitsulo chake chosaoneka, ndipo amene anasowa pogwira anagwira misana ya anzawo.

"Kwerani, bambo," anatero mayi wina kwa Che Bwanali. "Ife makina sitiwadziwa. Muzingotiuza poleka."

Lole inatuluka m'matope ngati yopanda kulemera. Anaikankha kukwera kamtunda, anaithamangitsa potsetsereka. Che Bwanali anaponya giya. Inagwedezeka, inakana. Anakankhanso, wina atayambitsa nyimbo ya kumunda. Kachitatu inaphulika utsi n'kulira, ndipo inathawa m'manja mwawo, ena n'kugwa chafufumimba m'matope akuseka.

Che Bwanali sakanatha kuizimitsa, poopa kuti siidzukanso. Anaima chapatali, injini ikulira, natulutsa mutu pawindo.

"Wa ku Muona akwere," anatero. "Lero palibe shileni."